Maungu a Mitundu Isanu M'beseni Limodzi

Pa 4 Disembala

Okondedwa amayi a mwana,

Moyo wanu ndiwo ndifuna kumva, pamodzi ndi wa mwana wathu ndi mkamwini. Kodi miyendo ya mwana ija yaphwa? Adokotala akadali pa mawu awo oti azingogona mpaka tsiku lake? Mumuuze kuti bambo ake akuti asafulumire, bedi la mdzukulu ndangoyamba kupala matabwa ake. Ine kuno ndili bwino kwabasi, moti anthu akumandiimitsa pamsewu kufunsa ngati ndine mng'ono wake wa kalipentala uja.

Nkhani yaikulu ndi iyi: dimba lanu la maungu ndadzala. Lonse. Inu mumatha masabata awiri muli chiweramire, kuyankhula ndi dothi ngati mlendo wochokera kutali. Ine ndinayamba tiyi ali pamoto, ndinamaliza asanazizire. Ndinakoka chingwe, ndinayeza ndi tepi, phando lililonse mpata wake wofanana. Mizere yake yawongoka moti Aphunzitsi a kuseri kwa mpanda anavula magalasi, n'kupukuta, n'kuvalanso. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukuuzani kuti ulimi ndi ukalipentala womwewo, kungoti matabwa ake ndi ofewa.

Mundiuze kumene munabisa sizasi. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa, wachipewa chofiira uja. Akuti azitinyamulira makalata chifukwa ndinamukonzera chitseko chimene chinakanika amisiri asanu ndi awiri.

Ndine mwamuna wanu, mlimi watsopano.


Pa 9 Disembala

Bambo a mwana,

Tili bwino. Mwana akugona monga anamuuzira, miyendo ikuphwa pang'onopang'ono. Sizasi ili pamsomali pamene yakhala zaka zonsezi, moyang'anizana ndi mphuno yanu.

Tsopano mundiyankhe. Kalata yanu yafika mu envulopu yakhaki. Kuseri kwake kuli malemba a dzanja langa, akuti MBIDZI, OSAKHUDZA. Envulopu imeneyi ndinaisiya m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, ili ndi nthanga makumi awiri ndi zinayi. Ndaigwedeza kawiri, mwagwa kalata yanu yokha.

M'chitinimo munali maenvulopu asanu. Awiri anali a zukini, timaungu tatitali tija anatigulira mwana m'sitolo, timene timadyedwa tikadali tanthete: wina wobiriwa, wina wamizeremizere. Ina inali ya timbale, toyera tophwatalala tija. Ina ya tokongoletsa, timene ndimaika pawindo, towawa, tosadyedwa. Mbewu zinayi zimenezi ndikhoza kugula mawa lomwe. Koma Mbidzi sagulitsidwa. Ndi dzungu langa ndekha. Ndalisankha zaka khumi ndi zinayi kuchokera pa dzungu limodzi lokoma, ndipo chaka ndi chaka ndimamanga maluwa ake ndi ulusi kuti njuchi zisalisakanize ndi enawo, inu mukundiseka kuti ndikuluka tsitsi la maungu. Nthanga zake zonse padziko pano zinali mu envulopu imene mwamata ndi malovu anuyi.

Ndiuzeni mzere umene mwadzala Mbidzi. Za magalasi a Aphunzitsi musandiuzenso.

Ndine mkazi wanu.


Pa 18 Disembala

Okondedwa amayi a mwana,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Mwanayo akudya? Mkamwini wayamba kudziwa pamene pamakhala tsache? Sizasi ndaipeza, koma ndikutsimikiza kuti msomaliwo unasuntha.

Mwandifunsa za mzere. Ndi funso labwino, ndipo ndalilemekeza poliganizira masiku atatu. Yankho lake n'lakuti Mbidzi ali m'mizere yonse. Paja ndinafuna envulopu yokulemberani inu nomwe, ndiye ndinaona asanu abwinobwino angokhala m'chitini osagwira ntchito yeniyeni. Nthangazo ndinathira m'beseni, n'kuvundula ndi dzanja kuti pasakhale kukondera. Ndiye mukaona bwino, chinalakwitsa ndi chikondi.

Koma mtima pansi. Zamera. Makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi, palibe phando lajomba. Chiyambire, kumera kotereku sikunaonekepo m'dera lino. Vuto laling'ono n'lakuti zonse zikufanana ngati ana a sukulu pa tsiku lojambulitsa: timasamba tiwiri ngati makutu, pakati kena kokhakhala. Aphunzitsi anabwera ndi chibuku chawo cha zithunzi, anagwada ola lathunthu, n'kugamula kuti zonsezi ndi nkhaka. Ndinawathandiza kudzuka.

Ine ndine munthu amene ndimazindikira thabwa ndi fungo lokha, maso ali chitsinzinire. Dzungu lingandikanike? Ndakhoma kachikhomo pa phando lililonse, n'kulemba nambala. Nambala 12 ali ndi mawanga oyera pamasamba ngati ndamudonthezera penti. Nambala 40 amayabwa, wandilasa kale kawiri, ndikumuganizira kuti ndi wa kwanu. Inu mungondiuza zizindikiro ziwiri zitatu, Mbidzi wanuyo ndimugwira khutu.

Envulopu inoyi musavutike n'kuiwerenga kuseri.

Ndine mwamuna wanu, katswiri.


Pa 23 Disembala

Bambo a mwana,

Tadzuka bwino. Ndaiwerenga kuseri. Akuti TIMBALE.

Amati safunsa anadya phula, koma inu phulalo mwadyetsa ine. Mverani bwino, ndipo kalatayi muiwerenge kawiri, kachiwiri mutatseka pakamwa.

Panopa simungazindikire kanthu, musavutitse mbewu. Dikirani zikwane masabata asanu. Zina zidzakhala malo amodzi ngati nkhuku yofungatira, masamba ali m'mwamba. Amenewo ndi azukini ndi timbale, alibe nkhani. Zina zidzayamba kuyanga, kukwawa pansi, kutulutsa timanja tokoleza. Zoyangazo ndi mitundu iwiri yokha: tokongoletsa ndi Mbidzi. Kusiyanitsa awiriwa ndidzakuuzani maluwa akayamba. Pakadali pano chilichonse choyanga musachidule, musachipinde, musachizule, ngakhale chitakwera njinga yanu.

Chinanso, zukini wamizeremizere amafanana ndi Mbidzi akadali wamng'ono. Asakunamizeni.

Sindikuseka, bambo a mwana. Mukanditayira Mbidzi, tsiku lobwerera kumeneko sindikulidziwa. Kuno malo ogona alipo, ndipo palibe amene amadzitama asanasukusule.

Ndine mkazi wanu.


Pa 24 Januwale

Okondedwa amayi a mwana,

Muli bwanji kumeneko? Mwezi watha osamva mawu anu. Dalaivala akuti palibe chimene munamupatsa, koma iyenso basi yake inagona ku galaja masabata atatu ndiye mutu wake suli pamalo. Ine ndamvetsa. Munthu ukaona mnzako akukuposa pa ntchito yako yomwe, cholembera chimalemera. Sindikusungirani mangawa.

Khalani pansi ndikuuzeni: Mbidzi ndamupeza ndekha, popanda chizindikiro chanu ngakhale chimodzi. Ndi Nambala 27. Ali ndi mizere yake yoyera ndi yobiriwa monga mumanenera. Koma amayi a mwana, m'manja mwanu dzunguli linkangovutika. Kwa ine lafika masentimita makumi asanu ndi limodzi kudza awiri, ndayeza ndi tepi Aphunzitsi ali mboni. Likukula mooneka ndi maso. Ukapita kukamwa madzi n'kubwerako, umapeza lawonjezera chala. Dzulo mayi wina wogulitsa matsache analipatsa moni. Ndikuganiza zolipangira miyendo inayi likhale benchi.

Ndakhazikitsanso mwambo m'dimba. Munali mbewu zina zosaleredwa bwino. M'malo moima pa nambala yake, zinayamba kukwawa ngati zaledzera, kudumpha chingwe changa, kugwira anzawo m'khosi ndi timanja tawo. Ina inakwera mpanda kupita kwa Aphunzitsi osaitanidwa. Ndinazichenjeza kawiri. Sabata yatha ndinazizula zonse, makumi anayi ndi imodzi, ndinaziyanika padzuwa n'kuzitentha kuti zisabwererenso. Mukadzafika mudzalira ndi chimwemwe. Mizere ili waa, munthu kuona kuchokera kuchipata mpaka kumpanda, mbewu iliyonse yaima pamalo pake ngati asilikali.

Mundiuze za mwana, ndipo musachite manyazi kundiyamikira.

Ndine mwamuna wanu, bambo wake wa Mbidzi.


Pa 28 Januwale

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, kwatsala mwezi umodzi. Ndikulemba nditagona chagada, mukhululuke malemba okhota.

Amayi anawerenga kalata yanu ataimirira. Atafika pa zozula zija anakhala pansi. Kenaka anapita kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale. Sanalire, sanakalipe. Bola akanakalipa.

Mwamuna wanga anapita kokwerera basi kukapanikiza dalaivala uja. Kalata ya amayi ya pa 23 Disembala inapezeka pansi pa mpando wake, pamodzi ndi sipanala. Muilandira limodzi ndi ino. Muiwerenge mutakhala pansi nanunso.

Chibenchi chanucho si Mbidzi, bambo. Ndi zukini wokalamba. Amayenera kuthyoledwa ali ngati chikhatho, akafika pamenepo ngakhale mbuzi imayamba yaganiza. Mbidzi anali m'gulu la zoledzera zija munatentha.

Amayi akuti sakulemberaninso. Dzulo ndinawamva akufunsa mwamuna wanga ngati kabati yawo ingakwane m'chipinda chaching'ono, ndipo anapita kukayeza khoma ndi mpango. Ndikudziwa kuti muyamba nthabwala. Chonde musayambe.

Ndine mwana wanu.


Pa 5 Febuluwale

Amayi a mwana,

Ndifuna kumva moyo wanu ngakhale mwina inu simufuna kumva wanga. Makalata onse awiri ndawerenga. Yanu ndawerenga kawiri monga munalamula, ndipo pakamwa panatseka pokha.

Ndalakwa. Mawu amenewa ndikuwalemba koyamba chibadwire, ndiye ngati ndaphonya kalembedwe kake mundikonze. Masiku anayi sindinagwire sowo. Benchi lija ndinalidula pakati, m'kati muli ngati thonje la matilesi akale. Aphunzitsi atasuzumira pampanda kufunsa za dzungu lotchuka, ndinathawira kuseri kwa shedi, kumene ndimaunjika utuchi ndi zidutswa za matabwa.

Kumeneko ndiye kuli nkhani. Mukukumbukira beseni lija? Nditamaliza kudzala ndinakalitsukira kuseri kwa shediko, n'kukhuthula madzi pa utuchi. Zikuoneka kuti nthanga zina zinamatirira pansi. Amayi a mwana, kuli zoyanga zitatu. Zakwawa pansi pa matabwa, ina yakwera makwerero anga mpaka sitepe yachinayi. Zinapulumuka chifukwa sindinazione, ndipo Aphunzitsi akuti imeneyi ndiyo njira yokhayo yopulumukira kwa ine.

Sindinakhudze ngakhale tsamba. Ndagona chafufumimba pa utuchi n'kuyang'ana. Zonse zili ndi maluwa achikasu, ndipo kuseri kwa maluwa ena kuli timaungu tating'ono. Yoyamba, kadzungu kake n'kozungulira, kali ndi njerewere ngati chule. Yachiwiri, n'konenepa kumunsi, kowonda kukhosi, theka chikasu theka kubiriwira. Yachitatu n'kotalikirapo ngati chala changa chachikulu, kali ndi timizere tosaoneka bwino, ngati pensulo yofufutidwa.

Sindinena kuti ndamupeza, chifukwa ndinanenapo kale. Ndikufunsa. Ndazunguliza mpanda wa matabwa abwino amene ndinasungira chitseko cha kasitomala, nkhuku za Aphunzitsi ndaziuza kuti ikalowa imodzi tidzakumana m'poto.

Kalatayi ndaika ndekha m'chipewa cha dalaivala, n'kumuveka.

Ndine mwamuna wanu, wophunzira.


Pa 8 Febuluwale

Bambo a mwana,

Tilipo. Ndinati sindilemba, ndipo sindikulembera inu, ndikulembera dzungu.

Thyolani kadzungu kamodzi pa mbewu iliyonse. Kadulani ndi mpeni, munyambite pang'ono, mulavule. Musameze, towawato timatsegula m'mimba koopsa. Mbewu yowawa muizule, pamenepa ndiye ndakulolani. Ikapezeka yoyanga yosawawa, ndi Mbidzi.

Akapezeka, timaungu tonse timene tili pamenepo muthothole. Njuchi zadutsapo kale ndi mungu wa azukini anu, nthanga zake zidzabereka zachabechabe. Tiyambira pa maluwa atsopano. Duwa lokhala ndi kadzungu kuseri ndi lalikazi, la phesi lowonda lopanda kanthu ndi lalimuna. Madzulo muyang'ane amene ayamba chikasu kunsonga koma sanatsegule. Mumange kukamwa kwake ndi ulusi, lalikazi limodzi, aamuna awiri. M'mawa dzuwa likangotuluka muthyole aamunawo, muchotse masamba ake achikasu, mumasule lalikazi, mupake ufa wachikasuwo pakati pake mofatsa, mumangenso msanga njuchi isanalowe. Paphesi mumange ulusi wofiira. Duwa limatsegula m'mawa umodzi wokha, silidikira munthu amalize nkhani.

Likagwira, dzungulo likhale pamenepo miyezi iwiri, mpaka phesi liume ngati mtengo. Mukalidula lisanakhwime, nthanga zake ndi mphepo.

Za kabati sindinasinthe maganizo. Ndikungodikira.


Pa 22 Febuluwale

Okondedwa amayi a mwana,

Moni kwa inu, kwa mwana, ndi kwa mlendo amene ali m'njira. Afika liti? Bedi lake latha, ndalipala moti ntchentche ikaterapo imaterereka.

Ndiyambe ndi kulawa. Ndinaona kuti nkhani ya sayansi imafuna munthu wophunzira, ndiye ndinaitana Aphunzitsi. Ndinati, "Aphunzitsi, buku lanu lija linati nkhaka. Nayi nkhaka, yambani ndinu." Anapukuta magalasi, n'kunyambita cha njerewere chija. Amayi a mwana, nkhope imene ija sindidzaionanso. Makutu anasuntha. Analavula mpaka kumpanda, n'kunena kuti, "Akalipentala, zaka zonsezi ndimayesa ndinu mnansi." Ndinati, "Tsono bukulo likuti bwanji?" Anati, "Bukulo silinyambita." Chachiwiri anakana, ndinalawa ndekha. Lilime linafota ngati chikopa cha nsapato, tiyi ndinayamba kumumva Lachitatu.

Chachitatu tinachiyang'ana nthawi yaitali tonse awiri. Ndinadula, ndinanyambita. Madzi okhaokha, kutsekemera kwa patali. Ndinanyambitanso. Aphunzitsi anati, "Mwina lilime lanu lafa, patseni." Analawa, anatafuna, anameza, n'kupempha china. Ndi Mbidzi. Mbewu imodzi yokha padziko lonse, ili pa makwerero anga.

Tsono ukwati wa maluwa uja. Inu munalemba ngati n'zophweka. Tsiku loyamba ndinamanga ulusi ngati ndikumanga mtolo wa matabwa, duwa linaduka mutu. Tsiku lachiwiri ndinamanga bwino, m'mawa ndinamasula, koma ndikutembenuka kuti nditenge lalimuna, njuchi inalowa ngati mwini nyumba. Njuchi yake ngati chibakera. Ndinaiuza mawu amene sindingalembe. Duwa limenelo ndinathothola, mtima ukuwawa, chifukwa aakazi amatuluka mmodzimmodzi, masiku atatu kapena anayi, ndipo masamba akumunsi ayamba kuchita zoyera ngati ufa. Ndinaona kuti mbewuyi sidzandipatsa mwayi kosatha.

Pamenepo ndinakumbuka kuti ndine ndani. Ndinakhoma kabokosi ka waya wa sefa wa m'mawindo, kachitseko kake ka mahinjesi awiri, kotsegula ndi chala chimodzi. Madzulo ndinamanga duwa ndi ulusi wanu wosokera, mopepuka ngati ndikumanga chala cha khanda, n'kuvindikira kabokosi. M'mawa ndinagwada pa utuchi, Aphunzitsi ataima kumbuyo ndi chivindikiro cha poto kulondera njuchi. Manja awa, amene anakhomapo denga la holo mphepo ikuwomba, anamasula ulusi mofatsa. Ndinapaka, ndinamanga, ndinatseka chitseko.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Duwa lafota, kadzungu sikanagwe. Kafika ngati chigwiriro cha hamala, timizere tayamba kuoneka, ulusi wofiira uli paphesi.

Kabati ija ndi yolemera, ndinaipanga ndine. Singakwere basi.

Ndine mwamuna wanu, mzamba wa maungu.


Pa 3 Malichi

Bambo a mwana,

Mwakhala agogo. Ndi wamkazi, wabadwa Lachiwiri m'mawa, onse ali bwino. Ali ndi mawu aakulu ndipo salola wina kuyankhula, ndiye musafunse kuti watengera ndani. Amake a mkamwini afika dzulo kudzathandiza, nyumba yadzaza.

Za dzungu ndamva. Kadzungu kamodzi ka masiku asanu ndi limodzi si mbewu. Ndinamvaponso za benchi. Ndidzakhulupirira phesi likadzauma.

Mwafunsa mwana kuti ndibwera liti. Ndikhalabe kuno. Khandali likufuna manja.

Ndine mkazi wanu.


Pa 11 Malichi

Okondedwa agogo aakazi,

Moni kwa inu, kwa mwana, kwa mkamwini, kwa asewere, ndi kwa bwana wamng'ono wa mawu aakulu. Akuyamwa bwino? Mumuuze kuti agogo ake aamuna atamva za iye anakhoma misomali makumi anayi osaphonya ngakhale umodzi. Ndamva kuti kumeneko manja osamalira khanda alipo asanu ndi atatu, ndipo mukumachita kulandirana ngati mpira. Kuno manja ndi awiri, ndipo atopa kuchapa malaya amodzimodzi.

Mbidzi ndiye musanene. Wanenepa ngati mwana wa mwini golosale. Mizere yake yawala moti Aphunzitsi akuti tizilipiritsa oona. Khungu lake likadali lofewa bwino, chikhadabo chimalowa, phesi lili lobiriwira mokongola.

Ndiye ndaganiza chinthu chachikulu. Mdzukulu woyamba salandiridwa chimanjamanja. Popeza inu simungabwere kudzaona Mbidzi, Mbidzi abwera kudzaona inu. Loweruka lino m'mawa ndimudula, ndimukulunga m'thaulo, ndimupatsira dalaivala wathu wokhulupirika uja. Wandilonjeza kuti amuika pansi pa mpando pamene pali malo abwino. Mukamuphikire mwana wathu, abwezeretse mphamvu. Paja munanenapo za miyezi iwiri, koma imeneyo ndi miyezi ya alimi wamba. M'manja mwa katswiri masabata atatu ndi okwana.

Musavutike kuyankha, kalata yanu idzapeza mpeni utadutsa kale. Ndaunola.

Ndine mwamuna wanu, agogo aamuna.


Pa 15 Malichi

Mwana wanga,

Ndinafika bwino Lachisanu masana. Khanda lagona bwanji? Pepa kuti ndinachoka ngati nyumba ikupsa. Thumba langa la zovala lili kuseri kwa chitseko, nsapato ina ili pansi pa bedi. Udzapatsire munthu wina aliyense kupatula dalaivala uja.

Nditatsika basi ndinathamanga, ine wa msinkhu uno, anthu akundiyang'ana. Bambo ako anali pakhonde atavala malaya ositidwa. Anati, "Takulandirani." Ndinawadutsa ngati mtengo, mpaka kuseri kwa shedi.

Dzungu lili pamalo pake. Aliika pa kathabwa kopala bwino kuti lisakhudze chinyezi, alikhomera kadenga. Pakhoma la shedi alemba ndi pensulo muyeso wa tsiku lililonse kuyambira pa 16 Febuluwale, ndipo pamwamba pake palembedwa kuti tsiku lodula ndi 20 Epulo, atalemba mzere kunsi kawiri. Malembawo ndi akale, mvula inawadonthera.

Ndinatembenuka. Anali ataima kumbuyo kwanga ndi makapu awiri a tiyi, wothira kale, wanga shuga wake wokwana. Ndinati, "Mpeni munanola uja uli kuti?" Anati, "Mpeni wanji? Dzungu losakhwima amadula ndani? Amayi a mwana, zaka khumi ndi zinayi simukudziwabe zimenezi?" Aphunzitsi kuseri kwa mpanda anatsokomola mpaka ndinaopa kuti tiwanyamula. Ndinafuna kuwathira tiyiyo bambo ako, koma ndinali ndi ludzu.

Ndi Mbidzi weniweni, mwana wanga. Ndinagwada, ndinamuyang'ana kumutu ndi kumchira. Ndipo sali yekha. Pali ena awiri aang'ono a ulusi wofiira amene sanandiuze, akuti amasungira kudzandikopa nawo mwezi wamawa ndikanapanda kubwera. Nthanga zikhalapo zokwana.

Za kabati umuuze mwamuna wako asiye, chipindacho aikemo bedi la khanda. Likubwera sabata yamawa, ndi lokongola, koma iwenso usanene.

Ndamasula mfundo imodzi ya paduwa kuti ndione mmene anamangira. Yagwira bwino osafinya, ndipo imamasuka ukangokoka kamodzi. Ine yanga imandivuta chaka chilichonse. Ndayesa kuibwereza katatu iwo ali kumsika, yandikanika. Usawauze. Wokhala nawo m'nyumba muno ndine.

Ndine mayi ako.